Mbiri ya Malemu Samuel Josiah Nthara, Mphunzitsi ndi Mlembi wa Mabuku

Pokonza magazini ino yokumbukira zaka za Chigwirizano chathu, komiti idagwirizana kuti pakhale masamba a mbiri ya munthu mmodzi wa mpingo wathu amene adatsogola kale. Ena adatchula abusa, ena adatchula mafumu. Pomaliza tidavomerezana kuti tilembe za mphunzitsi, malemu Samuel Josiah Nthara, pakuti dzina lawo lili m'nyumba zambiri kuno ku Kasungu ngakhale eni nyumba sadziwa. Ana athu a ku sekondale akhala akuwerenga buku la Nthondo pokonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo amene adalemba bukulo ndi iwowa.

Pa zikuto za mabuku akale dzina lawo lidalembedwa kuti Ntara, popanda h, ndipo pena mupeza Yosia m'malo mwa Josiah. Musadabwe nazo. Kalembedwe ka masiku amenewo kadali kotero, ngakhale Nkhoma amene ankalembedwa kuti Mkhoma. Munthu wake ndi mmodzi yemweyo.

A Nthara adabadwa m'chaka cha 1905. Nthawi imeneyo mishoni ya Dutch Reformed idali itangotha zaka 16 m'dziko muno, pakuti a A. C. Murray ndi a T. C. B. Vlok adakhoma hema wawo ku Mvera m'chaka cha 1889. Ku Kongwe adatsegulako mu 1894 ndipo ku Nkhoma mu 1896. Tsono mwanayu adakula pamodzi ndi sukulu zoyamba za m'chigawo chino, zija za udzu, zimene ana ankayamba kulemba pansi ndi chala asanapatsidwe sileti. Buku Lopatulika lathunthu m'chinenero chathu kudalibe. Ntchito yolimasulira, imene adaitsogolera a W. H. Murray mothandizana ndi aphunzitsi a dziko lino, idatenga zaka zambiri, ndipo bukulo lidatuluka mu 1922, a Nthara ali ndi zaka 17.

Tiyeni tiganize pang'ono zimene mnyamata wokonda kuwerenga akadapeza masiku amenewo. Kudali mabuku ophunzirira kuwerenga, katekisma, buku la nyimbo, ndi zigawo za Mawu a Mulungu. Onsewa ndi abwino ndipo adatilera. Koma pafupifupi onse adali omasuliridwa kapena olembedwa ndi Azungu a mishoni. Munthu ukadatsegula buku ukadapezamo Yerusalemu, Galileya ndi Aigupto, koma sukadapezamo mudzi wa kwanu, nkhokwe, mtondo, bwalo la milandu, kapena mayi wobereka mwana kumbuyo akuchokera kudambo. Anthu ambiri adangozolowera kuti buku ndi chinthu chochokera kutali, chonena za anthu akutali.

A Nthara adaphunzira m'sukulu za mishoni nakhala mphunzitsi, ndipo uphunzitsi ndiwo udali ntchito yawo ya moyo wonse. Kulemba mabuku sikudali ntchito yodyetsa banja. Mphunzitsi wa mishoni wa masiku amenewo ankalandira ndalama zochepa, ankalima munda wake ngati wina aliyense, ndipo pa Sabata ankayembekezeka kuthandiza pa mapemphero. Wofuna kulemba ankalemba ntchito zonsezi zitatha, ndi cholembera choviika mu inki, pa kuwala kwa nyali ya parafini. Ukalakwitsa tsamba unkayenera kulikopera lonse kachiwiri. Ife alembi a Chigwirizano timadandaula ndi maminitsi a masamba awiri, nanga buku lathunthu?

Khomo lidatseguka kuchokera kutali. Mu 1926 ku London kudakhazikitsidwa bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, loona za zinenero ndi miyambo ya anthu a mu Africa. Bungweli lidayamba kuchititsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi Aafirika eni ake, m'zinenero zawo, ndipo chaka chilichonse ankasankha zinenero zingapo. Itafika nthawi ya Chinyanja, monga chinenero chathu chinkatchulidwira pamenepo, a Nthara adatumiza nkhani yawo ya Nthondo. Makalata ambiri a nthawi imeneyo ankayenda pa sitima ya pamtunda mpaka ku Beira, kenaka pa sitima ya pamadzi, kotero kuti munthu ukatumiza zolemba zako unkakhala miyezi osamva kanthu. Nkhani ija idapambana mphotho yoyamba m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu, ndipo mu 1933 idasindikizidwa ku Nkhoma. Mlembi wake adali ndi zaka 28 zokha. M'zaka zomwezo mpikisano womwewu udatulutsanso buku la Omenuko ku Nigeria, lolembedwa ndi a Pita Nwana m'chinenero cha Igbo, limene anthu akumeneko amaliwerengera kuti ndilo buku lawo loyamba la nthano yaitali.

Kwa amene simudaliwerenge, bukuli limatsata munthu mmodzi, Nthondo, kuyambira kubadwa kwake mpaka imfa yake. Si mwana wabwino ayi. Ndi mwana wovuta, wa dzanja lalitali, wosautsa amayi ake ndi mudzi wonse. Atakula achoka kwawo kukafuna ntchito kutali monga ankachitira anyamata ambiri a nthawiyo, abwerako, pambuyo pake alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nalandira Chikhristu. M'kati mwa ulendo umenewu wowerenga amaona miyambo ya pobadwa mwana, ya ukwati, ya matenda ndi maliro, ndi kaweruzidwe ka milandu, zonse monga zinkachitikira m'midzi ya Achewa.

Chimene ife chimatigwira mtima ndi chakuti a Nthara sadasankhe munthu wotchuka. Akadatha kulemba za mfumu yaikulu kapena za Mzungu wa mishoni, ndipo palibe akadawadzudzula. Iwo adatenga mwana wakuba wa m'mudzi, wonga amene tonse timamdziwa, mwina wa m'nyumba mwathu momwe, namuyesa woyenera kulembedwa m'buku. Mayi aliyense amene adagonapo ndi misozi chifukwa cha mwana wosamva akaliwerenga amazindikira kuti mlembiyu ankadziwa za m'nyumba za anthu. Sadanyoze makolo athu ngati anthu opanda nzeru, komanso sadabise zoipa zimene zidalipo.

Tsono kulemba ndi kwina, kusindikiza ndi kwinanso. Ife alimi a fodya tikudziwa kuti kukolola si kugulitsa: fodya akhoza kuuma bwino m'chigafa, wosankhidwa bwino, koma ngati palibe njira yopitira ku okushoni amangoonongekera pomwepo. Momwemonso zolemba za munthu. M'masiku a atsamunda makina osindikizira mabuku a m'zinenero zathu adali m'manja mwa mishoni, monga ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Osindikiza ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi manja, kuzindanda m'mizere mpaka tsamba lidzaze, kenaka wina awerenge kufuna zolakwa, adinde, apinde mapepala ndi kuwasoka ndi ulusi. Ntchito yotere ndi yodula, ndipo oyang'anira makina ankayamba asindikiza zofunika pa sukulu ndi pa tchalitchi. Buku la munthu wamba linkayenera kudikira, ndiponso linkayenera kukondweretsa eni makina.

Apa tinene chilungamo. Khomo limeneli lidali lopapatiza. Nkhani yothera pa kutembenuka mtima inkadutsa mosavuta kuposa ina iliyonse. Ku Lesotho kudali mlembi wina, a Thomas Mofolo, amene buku lawo loyamba a mishoni ya ku Morija adalisindikiza msanga mu 1907 popeza linkanena za munthu wofunafuna Mulungu. Koma atalemba za Chaka, mfumu ya Azulu, zolembazo zidakhala zaka zoposa khumi zisanatuluke, mpaka 1925. Ife sitikayika kuti a Nthara adamaliza nkhani ya Nthondo monga adamalizira chifukwa iwo eni adali Mkhristu wokhulupirira zimenezo, ndipo ifenso timakondwera nawo mathero amenewo. Koma timaganizanso za aphunzitsi ena a nthawi imeneyo amene mwina adalemba zabwino, zolemba zawo n'kuthera m'bokosi chifukwa padalibe wozilandira.

Pamene buku la Nthondo lidadziwika kunja kwa dziko lino, m'pamene nkhaniyi ikukhudza ife a ku Kasungu. Amene adalimasulira m'Chingerezi ndi a Thomas Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland wa mishoni ya Livingstonia. Achinyamata mwina simudziwa kuti mishoni ya ku Chilanga kuno kwathu poyamba idali ya Livingstonia, kumene adagwirako ntchito Dr. George Prentice, ndipo idaperekedwa m'manja mwa a Nkhoma mu 1923, zaka zitatu Nkhoma asanalowe mu CCAP mu 1926. A Cullen Young adagwirako ntchito m'dera lino. Ndi iwo amene mu 1915 ankayang'anira mayeso aja amene mnyamata wina wa kuno, Hastings Kamuzu Banda, adatulutsidwa chifukwa adaimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira n'kuyesa kuti akuonera kwa mnzake. Mnyamatayo posakhalitsa adanyamuka ulendo wake wapansi wopita kummwera. Awiriwa adadzakumananso ku Ulaya patapita zaka zambiri, nagwirizana, ndipo mu 1946 adatulutsa pamodzi buku la Our African Way of Life, m'mene adamasulira zolemba za anthu atatu a dziko lino, a John Kambalame, a E. P. Chidzalo ndi a J. W. M. Chadangalara. Zolemba zimenezonso zidachokera ku mpikisano wa bungwe lomwe lija la ku London.

A Cullen Young adachoka m'dziko muno mu 1931 nakagwira ntchito ku bungwe losindikiza mabuku a Chikhristu la Religious Tract Society ku London. Choncho Nthondo adapeza munthu wodziwa chinenero ndi miyambo yathu, amenenso adali m'kati mwa nyumba yosindikizira mabuku. Mu 1934, patangotha chaka chimodzi, bukulo lidatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Mawu otsogolera adalemba ndi a Julian Huxley, katswiri wa sayansi wa ku England amene pambuyo pake, mu 1946, adakhala mkulu woyamba wa bungwe la UNESCO. Bamboyu sadali munthu wa tchalitchi ayi, komabe adaona kuti buku la mphunzitsi wa mishoni wa ku Nyasaland n'loyenera kuti anthu a kwawo aliwerenge. Mutu umodzi susenza denga: padafunika mlembi, mpikisano, makina a ku Nkhoma ndi bwenzi la ku London kuti nkhani ya mwana wa m'mudzi ifike patali chotero.

Munthu wina akadakhutira pomwepo. A Nthara adatembenukira ku ntchito yovuta koposa, yofufuza mbiri ya mtundu wathu. Mbiri imeneyi sidali m'mabuku koma m'mitu mwa nkhalamba, ndipo kuti uipeze unkayenera kupita kumene ziliko, kukhala nazo pansi, kufunsa mwaulemu ndi kudikira. Akuluakulu sathamangitsidwa polankhula. Wina anena zake, wina wa mudzi wina atsutsa, ndipo wolemba ayenera kusenza zonsezo ndi kuzilongosola. Zotsatira zake ndi buku la Mbiri ya Achewa, limene lidayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1940 ndipo lidasindikizidwanso mu 1965 dziko litalandira ufulu. M'menemo muli za ulendo wa makolo athu, za Kalonga, za Aphiri ndi Abanda, za Kaphirintiwa, za mafumu monga Undi, Mkanda ndi Mwase wa kuno ku Kasungu. Mulinso za Makewana, mayi amene ankasunga kachisi wa mvula ku Msinja. Ife Akhristu sitipembedza kumeneko, koma n'kwabwino kuti ana athu aakazi adziwe kuti pakati pa Achewa mayi adali ndi udindo waukulu kuyambira kale.

Taganizani kuti akadachedwa zaka makumi awiri. Nkhalamba zimene zidaona nkhondo za Angoni, zimene zidaona malonda a akapolo opita ku Nkhotakota, zimene zidali moyo pamene asilikali a Boma la Azungu adagonjetsa Mwase Kasungu mu 1895, zikadakhala zitapita zonse. Iwo adafika nthawi ikadalipo.

Chaka cha 1949 chidali cha njala yaikulu m'dziko muno, makamaka kummwera, koma kwa a Nthara chidalinso chaka cha zokolola za cholembera chawo. Mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi m'boma la Dowa idatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Headman's Enterprise, womasulira ali a Cullen Young omwe aja. Msyamboza adali nyakwawa yochangamuka, mlenje ndi munthu wa malonda, amene adalandira sukulu ndi Mawu a Mulungu m'mudzi mwake, namwalira mu 1926 ali nkhalamba. Apanso mlembi adasankha mfumu ya mudzi, osati mfumu yaikulu ya dziko. M'chaka chomwecho kampani ya Longmans idasindikiza buku lawo lina, Nchowa, limene mwini nkhani wake ndi munthu wamkazi. Ili ndilo buku limene ife amayi tiyenera kulifunafuna, pakuti masiku amenewo sichidali chinthu chozolowereka kuti moyo wa mkazi wa m'mudzi ukhale mutu wa buku lathunthu. Nthawi imeneyi njira zosindikizira zidali zitayamba kuchuluka, popeza mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa ofesi ku Lusaka yothandiza kutulutsa mabuku a m'zinenero za anthu a maiko awiriwa.

Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, adatulutsa mbiri ya Mbusa Namon Katengeza. Abusa a Katengeza pamodzi ndi Abusa Andreya Namkumba ndiwo adali anthu oyamba a dziko lino kudzozedwa ubusa mu mpingo wa Nkhoma, mu 1925. Mbiri za amishonale zidalembedwa zambiri ndi anzawo a kwawo. Koma kuti ife lero tidziwe za mbusa wathuwathu, padafunika mwana wa mpingo womwewo atenge cholembera.

Pamenepa m'pamene mtima wathu ukuwawa, amayi. Chigwirizano chidayamba mu 1940, a Nthara ali pakati pa ntchito yawo yolemba. Amayi amene adachiyambitsa m'mipingo ya kuno, amene ankayenda mitunda yaitali wapansi kukayendera odwala ndi ofedwa, amene adalangiza amayi athu ndi ife tomwe, ambiri a iwo adapita osalembedwa paliponse. Maina awo atsala m'makaundula akale a maminitsi, ndipo makaundulawo ena adadyedwa ndi chiswe, ena adanyowa ndi mvula denga litadontha, ena adasochera posinthana maudindo. Mu 1997 mayi wina wophunzira wa dziko lino, a Isabel Apawo Phiri, adatulutsa buku lonena za amayi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo za Chigwirizano zilimo. Tikuthokoza chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma bukulo ndi la Chingerezi, ndipo silikadatha kutchula mayi aliyense wa mpingo uliwonse. Za agogo a pa mpingo panu, amene akukhala kutsogolo pa Lachinayi ndipo mawu awo ayamba kuchepa, palibe wa ku London amene adzabwere kudzawafunsa. A Nthara sadali ndi digiri pamene ankalemba Nthondo. Adali ndi khutu lomvetsera, chinenero chawo, ndi khama lokhala pansi madzulo.

Zaka zawo zotsiriza adaona zinthu zimene ali mnyamata sakadaziyembekeza. Mu 1968 chinenero chimene adalembamo moyo wawo wonse chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo dzina lake lidasintha kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa. Mu 1972 Boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe kake, limene lidagwira ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1990. Ndipo mu 1973 Mbiri ya Achewa idatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, ndi dzina lakuti The History of the Chewa. Womasulira nthawi imeneyi adali Mmalawi, a W. S. Kamphandira Jere, ndipo katswiri wa mbiri yakale wa ku America, a Harry Langworthy, adaonjezamo ndemanga zake. Kuyambira pamenepo ophunzira a m'mayunivesite akamalemba za Achewa amatchula dzina la mphunzitsi wa mishoni uja. Padali patapita zaka 40 chitulukire Nthondo. A Nthara adamwalira m'zaka zomwezo za m'ma 1970, atapitirira zaka 70 zakubadwa.

Buku la Nthondo ambiri mulipeza kwa ana anu a sukulu, ndipo tikupempha kuti mwana akabwera pa holide akuwerengereni mokweza madzulo, agogo ali pomwepo, kuti iwo anene ngati miyambo ili m'menemo ndi imene adaiona. Koma mabuku a Nchowa, Msyamboza ndi Namon Katengeza ife a komiti tawafunafuna kuno osawapeza. Tikudziwa kuti m'mabanja a aphunzitsi akale, a akulu a mpingo ndi a abusa opuma muli masutikesi ndi mabokosi amene sadatsegulidwe zaka zambiri. Amene angapeze limodzi mwa mabuku amenewa, ngakhale lothothoka chikuto, abwere nalo kwa mlembi wa Chigwirizano pa mpingo pawo. Tidzalemba dzina la mwini wake m'kaundula, tidzaliwerenga pamodzi pa misonkhano yathu, ndipo tidzalibweza.